Nsupa ya Nsatsi ndi Manja Odekha

Pamene mwezi wa Okutobala wafika m'dziko lathu lino la Chifunde, tchire litapsa, nyenje zikulira m'mitengo kuyambira m'mawa kufikira dzuwa litapendeka, ndi timitsinje tothira mu Luia ndi mu Kapoche titaphwa kotero kuti akazi afukula mchenga pofuna madzi akumwa, pamenepo ine ndidziwa kuti nyengo ya ntchito yanga yakwana. Nditsitsa nsupa yanga ya mafuta a nsatsi pamene ndidaipachika, ndiyala mphasa pakhonde, nditereka mphika wa madzi pamafuwa, pakuti sapita masiku ambiri asanayambe kufika anthu oyenda motsimphina, ena atagwira m'chiuno, ndi ena olephera kucheuka pokhapokha atatembenuza thupi lonse. Ntchito yanga ndi yothowa ndi kusisita anthu amene matupi awo auma ndi ulendo kapena ndi ntchito yolemetsa. Sindiombeza ula, sinditema mphini, ndipo sindilumikiza mafupa othyoka. Chuma changa chonse ndi madzi ofunda, nsalu, mafuta ndi manja awiri awa amene Mulungu adandipatsa.

Munthu wachilendo angaganize kuti chilimwe ndi nyengo yopuma, popeza dzinthu zalowa m'nkhokwe ndipo mvula siidagwe, komatu kuno kwathu ndiyo nyengo imene phazi ndi msana zionera masautso. Pakutha pa Ogasiti anthu athu akwera malole, atakhala mopanikizana pamwamba pa matumba, nadzera ku Cassacatiza ndi ku Chanida kupita ku Mkaika m'boma la Katete ku Zambia, kumene Achewa a maiko atatu asonkhana pa mwambo wa Kulamba kukagwadira Kalonga Gawa Undi. Kumeneko akazi avina chimtali kufikira miyendo itanjenjemera, ndipo oimba ng'oma aimba usiku ndi usana kufikira mapewa atalema. Za kudambwe sindinena kanthu, pakuti ndine mkazi wolangidwa. Akabwerako ku Mkaika apeza njerwa zikudikira kuumbidwa, nazale za fodya zikufuna kuthiriridwa m'mawa ndi madzulo ndi madzi otunga kudambo, minda ikufuna kusosa ndi kugalauza nthaka ikadali youma ngati mwala. Anyamata akankha njinga zosenza makala ndi chimanga pa zitunda, ena agwada tsiku lonse m'mphepete mwa mitsinje kusefa dothi pofuna golide, ndipo ena akhala maola ambiri m'galimoto ya ku Tete mawondo atapinda osapeza powongolera. Zonsezi zichitika dzuwa likuswa mtengo, ndipo mathero ake ndi pakhonde panga.

Luso limeneli adandisiyira ndi agogo anga obala mayi. Amuna awo, ndiwo agogo anga aamuna, adali mmodzi wa anthu amene m'masiku a Apwitikizi ankagwidwa chibalo, nanyamula azungu pa machila ndi akatundu pamutu, ndipo pambuyo pake, pothawa msonkho ndi chikoti, adayenda pansi masabata ambiri, naoloka Zambezi kukagwira ntchito m'minda ya azungu ku Southern Rhodesia. Ndidawapeza ali nkhalamba, phewa lawo lamanja lili ndi chikanga chokhuthala pamene pankakhala mtengo wa machila, ndipo madzulo aliwonse agogo aakazi ankawathowa phewalo ine nditawagwirira chikho. Pamenepo ndipo ndidaphunzira poyamba kuti thupi la munthu lisunga mbiri ya mitolo yonse imene lidasenzapo, ngakhale mwini wake ataiwala.

Sukulu yanga yaikulu idali nkhondo. Pamene moto wa nkhondo ya pachiweniweni udafika m'midzi yathu, tidathawira ku Zambia, ndipo potsiriza adatikhazika ku Ukwimi, kumene pa nthawiyo kudali m'boma la Petauke, pamodzi ndi anthu ambirimbiri a chigawo cha Tete. Ndidaona akazi amene adayenda usiku wokhawokha, mwana kumsana, mphika pamutu, wina akumukoka padzanja, amene pofika miyendo yawo idali yotupa ndi makosi ouma ngati msichi. Agogo adali atafooka kale, chotero ankangokhala pambali ndi kundilangiza kuti, "Mdzukulu wanga, usathamangire kukanikiza. Yamba wafunsa, kenaka ugwire, kenaka umvere. Kuona maso a nkhono n'kudekha." Mtendere utasainidwa ku Rome pa 4 Okutobala 1992 tidadikirabe pang'ono, ndipo tidabwerera kwathu mu 1994, agogo titawasiya m'manda a kuchilendo, koma nsupa yawo ndidabwera nayo, ndipo ndiyo ili m'manja mwanga kufikira lero.

Mafuta ake ndiyenga ndekha. Nsatsi zimera zokha m'mabwinja ndi kuseri kwa makola, ndipo zikakhwima ndithyola ngala zake ndi kuziyanika padzuwa kufikira makoko atathetheka. Ndikapeta ndizikazinga pang'ono pa phale, osalola kuti zipserere, pakuti mafuta a nsatsi zopserera ada ndi kununkha utsi. Ndizisinja mu mtondo wakewake umene sulowa chakudya, kufikira zitasanduka phala lomata, ndipo phalalo ndiliwiritsa m'madzi ambiri pa moto wodekha. Pakapita nthawi mafuta ayandama pamwamba, ndipo ndiwatapa ndi chipande pang'onopang'ono, ndi kuwaterekanso mu kamphika kena kuti madzi otsalira aphwe, chifukwa mafuta osakanikira madzi sachedwa kuonongeka. Nsatsi zimenezi, ngakhale zipatsa mafuta okoma chotere, njere zake ndi ululu woopsa munthu akazitafuna, chotero pamene ndiyanika sipasewera mwana, ndipo zotsalira zake ndizikwirira kutali ndi nkhuku ndi mbuzi. Mafuta a nsatsi ndi olemera, salowa msanga m'khungu, ndipo ndicho chifukwa chake ndiwakonda, pakuti dontho limodzi liyendetsa dzanja nthawi yaitali. Koma akasowa, mafuta a mtedza kapena ophikira omwe agwira ntchito, popeza chochiza chenicheni ndi kufunda ndi dzanja, mafuta angosalaza njira.

Munthu akafika sindimgoneka pamphasa msanga. Ndimpatsa mpando pamthunzi, ndimlonjera monga mwa mwambo, ndimpatsa madzi kapena thobwa, ndipo ndimfunsa kumene achokera, chimene adasenza, ndi tsiku limene ululu udayamba. Ambiri a iwo ndawawerenga kale akali kubwera m'njira. Wosenza pamutu, ngakhale adaika nkhata yabwino, aumitsa khosi ndi minofu ya pakati pa mapewa. Wopalasa njinga amva kuwawa patsogolo pa ntchafu ndi m'munsi mwa msana, pamene wokankha njinga yolemedwa pa chitunda auma akatumba ndi phewa la mbali imodzi, chifukwa ayenda atapendekera ku katundu wake. Wothirira nazale alira ndi mikono ndi mapewa. Wogalauza agwira m'chiuno. Wokhalitsa m'galimoto atsika mapazi atatupa onse awiri, matako atachita dzanzi. Ndifunsanso za mkodzo wake, ngakhale funsoli ndi lochititsa manyazi, pakuti munthu amene mkodzo wake wachepa ndi kufiira wataya madzi ambiri m'thukuta, ndipo thupi lotere silimasuka bwino lisanamwe. Wotereyo ndimsungunulira timasupuni ta tiyi tisanu ndi kamodzi ta shuga ndi theka la kasupuni ka mchere mu lita imodzi ya madzi owiritsa ndi kuziziritsa, monga aphunzitsira a zaumoyo, kuti amwe pang'onopang'ono tisanayambe.

Choyamba ndi kuthowa. Madzi ndiwayesa ndi chigongono changa, pakuti zikhatho za munthu wophika zidazolowera moto ndipo zinama. Ayenera kukhala ofunda kwambiri koma osawaula khungu. Ndiviika nsalu yokhuthala, ndiifinya, ndiiyala pamalo powawa ndi kuisindikiza ndi zikhatho zonse ziwiri, ndipo ikayamba kuzizira ndiviikanso, kuchita chomwecho kwa nthawi yonga imene mkazi aphikira nsima kuyambira pothira ufa kufikira poomola. Agogo ankaponyamo masamba a bulugama chifukwa cha fungo lake lotsegula mphuno, ndipo inenso nditero, koma sindinyenga munthu kuti mphamvu ili m'masambamo. Mnofu wotopa ufanana ndi chikopa chouma, chimene ukachipinda mwamphamvu chithyoka, koma ukayamba wachinyowetsa ndi kuchifunditsa chilola chokha.

Pambuyo pake ndithira mafuta m'chikhatho, ndiwapakiza manja onse awiri kuti afunde, ndipo ndiyamba kusisita mopepuka ndi chikhatho chonse, kuchokera ku kakolo kukwera ku bondo, kuchokera ku bondo kukwera ku ntchafu, nthawi zonse kulowera kumene kuli mtima. Poyamba sindifuna kuchiza kanthu, ndingofuna kuti thupi lizolowere dzanja lachilendo, ndi kuti zala zanga zimve pamene pali mfundo. Mfundo zimenezi ndi timibulu tolimba tobisala mkati mwa mnofu, tina ngati njere ya nyemba, tina ngati chingwe chokokeka, ndipo ukazigunda munthu adzidzimuka ndi kunena kuti, "Pomwepo, anaPhiri, pomwepo!" Ndikaipeza ndiikapo chala chachikulu ndi kukanikiza mosafulumira kufikira pamene ululu uli woti munthu aupirira osagwira mpweya, ndipo ndimuuza kuti apume motulutsa mpweya wonse, ine ndikuwerenga mumtima kufikira makumi atatu. Kawirikawiri ndimva mfundoyo ikusungunuka pansi pa chala monga phula la njuchi padzuwa. Ikakana ndiisiya, ndipita kwina, ndi kubwererako pambuyo pake, pakuti pang'onopang'ono ndi mtolo.

Pali amuna ena amene akhulupirira kuti mankhwala osawawa sachiza, ndipo andiumiriza kuti, "Amayi, pondani ndi chidendene, musandimvere chisoni." Ndiwayankha mwaulemu kuti, "Atate, ng'ombe yotopa m'goli simuikwapula kuti ipume." Mnofu ukamva ululu wopitirira udzikunga pofuna kudziteteza, ndipo wosisita wankhanza abweza munthu ali ndi mikwingwirima pamwamba pa kutopa kumene adabwera nako. Pali malonso amene dzanja langa silikanikiza konse: kuseri kwa bondo ndi m'khwapa, kumene mitsempha ili pafupi ndi khungu, kutsogolo kwa khosi, pamwamba penipeni pa mafupa a msana, pa mitsempha yotupa ya m'miyendo, pa bala kapena chithupsa, ndi pa mimba ya mayi wapakati. Msana ndiusisita m'mbali mwa fupa, m'mizere iwiri ya mnofu imene itsika kuchokera m'khosi kufikira m'chiuno. Ndipo mwamuna ndimthandiza poyera pakhonde, mkazi wake kapena mbale wake ali pomwepo, pakuti ulemu ndiwo mpanda wa ntchito imeneyi.

Chotsiriza ndi kuwongola. Wa akatumba ouma ndimgoneka chagada, ndigwira chidendene ndi dzanja limodzi, ndipo ndi linalo ndikankha phazi kuti zala ziloze ku bondo, ndi kugwira chomwecho kwa kanthawi osagwedeza. Nzeru yomweyi ndiyo ithandiza munthu amene mnofu wamkokana usiku: awongole mwendo, akokere zala za phazi kwa iye mwini, ndipo kukokanako kuleka. Wa m'chiuno ndimpinditsa mawondo kufikira pa chifuwa, limodzi kenaka linzake. Wa khosi ndimuuza kuti atsitsire khutu ku phewa mwa iye yekha, ine ndikungogwira phewalo kuti lisakwere. Khosi la munthu sindilipotokola mwadzidzidzi kuti lilire, ngakhale pali ena ochita zimenezi pofuna kudabwitsa anthu, chifukwa m'khosi mudutsa moyo.

Tsopano ndinene chinthu chimene chindilemera pamtima, pakuti amene abisa kulakwa kwake aphunzitsa ena kugwa m'dzenje lomwelo. Chaka china titangobwera kumene kuchokera ku Zambia, adandibweretsera mnyamata amene adagwa ndi njinga pa chitunda, kakolo wake atatupa. Ine, podalira kuti manja anga adathandiza ambiri, ndidamthowa ndi madzi otentha tsiku lomwelo ndi kumsisita mwamphamvu, iye akulira, ine ndikumlimbitsa mtima. M'mawa mwake phazi lidatupa kuwirikiza, ndipo atapita naye ku chipatala adapeza kuti fupa lidasweka. Adachira, koma adatsimphina miyezi yambiri kuposa imene akadatsimphina, ndipo nthawi zonse ndikakumana naye, lero ali bambo wa ana, mtima wanga unditsutsa. Safunsa adadya phula. Kuyambira pamenepo ndidafunsa anamwino, ndipo ndidaphunzira kuti pobinya pa lero, pamene patupa ndi kutentha, safunapo moto kapena kutikita kwa masiku awiri oyamba. Pafunika nsalu yoviika m'madzi ozizira a mumtsuko, kumanga mosathinitsa, kukweza mwendo pamtsamiro ndi kupuma. Ndipo munthu amene sangathe kupondera phazi lake pansi ngakhale mapazi anayi, kapena amene fupa lake liwawa polikhudza, njira yake ndi ya ku chipatala.

Indetu theka la luso langa ndi kudziwa munthu woyenera kumbweza. Wophwanya m'thupi monse, mutu ukuwawa, thupi likutentha kapena kuzizidwa, ndimuuza kuti akayezetse magazi, pakuti malungo abisala m'chovala cha kutopa ndipo mafuta a nsatsi sawathamangitsa. Wotsika m'galimoto ya ulendo wautali amene katumba wa mwendo umodzi wokha watupa, watentha ndi kuwawa, sindimkhudza ngakhale andipemphe motani, chifukwa mwina magazi aundana mu mtsempha, ndipo dzanja losisita likhoza kusuntha chibulumwacho kupita ku mapapo, munthu n'kufa ali pamphasa. Wa msana umene ululu wake utsikira ku mwendo ndi dzanzi, phazi likufooka, kapena amene alephera kugwira mkodzo, wa chifuwa chothina ndi ululu wotsikira ku mkono, ndi wogwa padzuwa amene khungu lake latentha ndipo alankhula zosokonekera, onsewa ndi a chipatala, ndipo msanga. Wotsirizayu timthira madzi ozizira ndi kumkupiza pamthunzi pamene tikufuna chomnyamulira. Ena achoka pakhomo panga atakwiya, nanena kuti nkhalamba yaumira thandizo, koma ndilola kudedwa lero kusiyana ndi kukakhala pa siwa mawa. Mutu umodzi susenza denga, ndipo ine ndi anamwino tisenza denga limodzi.

Kwa iwo amene kutopa kwawo kuli kutopa chabe, ndiwatonthoza ndi choonadi ichi, kuti ululu wa ntchito imene thupi silidazolowere ukula pa tsiku lachiwiri, ndipo utha wokha sabata lisanathe. Asagone tsiku lonse ngati odwala, koma ayendeyende pang'ono m'mawa ndi madzulo, pakuti mnofu wogonekedwa uumiratu. Ndiwalangizanso za ulendo wa mtsogolo: kulawira tambala woyamba kuti dzuwa likafika paliwombo liwapeze pamthunzi, kumwa madzi ludzu lisanawapweteke, kutula mtolo pa mtsinje uliwonse ndi kuwongola khosi, kusintha dzanja lonyamula, kugawa katundu wa panjinga mofanana mbali zonse, ndipo ponyamula thumba pansi kupinda mawondo m'malo mowerama ndi msana. Wa m'galimoto agwedeze zala za mapazi ndi akakolo ali chikhalire, ndipo galimoto ikaima atsike ndi kuyenda. Wogalauza asafune kutsiriza munda tsiku loyamba, koma ayambe ndi mizere yochepa, thupi likumbukire khasu. Mau awa ambiri awamva ndi khutu limodzi, koma mau a akulu akoma akagonera, ndipo chaka chinzake abwera okha kudzandiuza kuti adawayesa.

Malipiro anga sindiwatchula. Wina asiya nkhuku, wina mbale ya mtedza, wina mametikali ochepa, ndipo wapaulendo wosauka asiya dalitso la pakamwa, limenenso ndililandira ndi manja awiri, pokumbukira kuti ifenso tidafika kwa eni dziko tili opanda kanthu ndipo adatipatsa pogona. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Zala zanga tsopano zayamba kupindika, ndipo chala chachikulu chakumanja chindiwawa m'nyengo yozizira, chotero mdzukulu wanga wamkazi ndiye agwira chikho monga ndinkagwirira ine. Manja ake ndi amphamvu kuposa anga, ndipo chifukwa cha mphamvuyo afulumira. Dzana madzulo kudabwera bambo wina wokankha njinga ya makala, ndipo ndidalola mtsikanayo kuti amthowe ndi kumsisita akatumba, ine ndikuyang'ana nkhope ya bamboyo ndi kumgwira mwanayo pamkono akapitirira. Atatsiriza adandinong'oneza modandaula kuti, "Agogo, kodi ndalakwitsa? Sadanene kanthu, ngakhale kuthokoza." Ndidamlozera pamphasa. Bamboyo adali atagona tulo tofa nato, zikhatho zake zakuda ndi makala zitatambasuka, zimene pofika zidali zofumbata ngati akadagwirabe chiwongolero cha njinga. Ndidauza mdzukulu wanga kuti amfunditse nsalu, atseke nsupa, ndipo aletse ana kuchita phokoso pabwalo.